Mainchesi 10 anatsala mu Commonwealth Road

Telala sanamizidwa za chiuno. Munthu angabwere pashopu panga atakoka mimba, atagwira mpweya mpaka maso kutuzuka, koma tepi yanga imanena zimene yaona basi. Ndiye tangoganizani manyazi a telala amene tepi yake yomwe yamuukira. Pamene ndinkakwatira ku Katete mu 2006, chiuno changa chinali mainchesi 32. Pofika 2023 chinali 44, ndipo pa 44 pamenepo n'kuti nditakokako kale mimba.

Mafutawo ndinawasonkhanitsa ngati ndalama za chilimba, pang'onopang'ono koma mosaphonya. M'mawa kukwera basi ku George, kutsika pamsika wa Matero, kukhala pampando wa makina mpaka dzuwa kulowa. Zitumbuwa zinayi ndi tiyi wa shuga wosawerenga masipuni. Masana nsima, mitanda itatu, ndi nyama ya mafuta oyandama. Madzulo michopo ya mbuzi yothira mchere ngati ndikuiumitsa, Mosi pambali. Buluku langa laukwati ndinalifutukula katatu. Nsalu ya mumsoko itatha ndinasokerera kachigamba kumbuyo, kosiyanako mtundu, moti kutchalitchi sindinkavula jekete ngakhale mu October.

Ndipo palibe anandidzudzula. Mukomboni mimba ndi satifiketi yoti zinthu zikuyenda. Ang'wang'wazi apasiteshoni ankandiitana kuti "ba bosi", makondakitala ankanditsegulira mpando wakutsogolo, ine n'kumakhala motukumuka ngati khansala. Ndinadzamva mochedwa kuti sunali ulemu. Kumbuyo ndinkadya malo a anthu awiri n'kulipira a mmodzi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu lina mu April 2023 ndinapita ku Kamwala kukagula mikanda ndi lesi yomalizira diresi la mkwatibwi, direselo nditalitenga m'pulasitiki kuti ndikayerekeze mtundu. Ukwati unali mawa lake. Pobwerera ndinatsika pa Matero, n'kuyamba kuwerenga chenji, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona pulasitiki ija ikundiyang'ana pawindo la basi ikupita. Basiyo sinkathamanga ayi. Inkangokwawa m'mbali mwa msewu, kondakitala atatulutsa mutu kufunafuna okwera. Ndinayamba liwiro. Polo yamagetsi yoyamba ndinaidutsa ngati mwamuna. Yachiwiri, m'chifuwa munayaka mbaula. Yachitatu, maso anachita chidima. Yachinayi sindinaifike, chifukwa ndinakagwera chafufumimba pamulu wa tomato ndi impwa za mayi wina wogulitsa, khu!

Kamtsikana kena kasukulu, kokhala ngati ka giredi 5, chikwama chili kumsana, kanaona zonse. Kanauyatsa, kanaipeza basi, kanabwera ndi pulasitiki yanga kosapuma n'komwe befu. Kanagwada pang'ono n'kunena kuti, "Ankolo, tengani. Musafe." Msika wonse unafa ndi phwete. Tomato ndinalipira.

Lolemba mayi a kunyumba anandikokera kukiliniki. Sisita anandipima bipi, n'kundiyang'ana, n'kusintha mkono, n'kupimanso. Kenako anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Atate, mwabwera mweka kapena akunyamulani?" Ndinatuluka ndi mapilisi, lamulo lochepetsa mchere, ndi mawu oti ndiziyenda tsiku lililonse.

Mwina bwenzi nditangomwa mapilisiwo n'kubwerera ku michopo, pakadapanda mbuya wanga. Shopu yoyandikana ndi yanga ndi yometera tsitsi, ndipo mwini wake ndi Mbemba wa ku Kasama. Amene mumakhala ku Zambia mukudziwa chimbuya cha ife akum'mawa ndi Abemba: iwo amatinena za mbewa, ife timawanena za anyani, ndipo ngakhale pamaliro timathirana ufa kumutu, wokwiya ndiye wolakwa. Nkhani ya tomato mbuyayo anaisandutsa sewero. Kasitomala aliyense wokhala pampando ankaonetsedwa mmene ndinagwera, ndi mawu ake omwe. Tsiku lina anandiitana kuti, "Mbuya, bwelani muone banthu bamene bathamanga zoona, osati imwe bothamangitsa mbeba." Pa TV yake panali filimu ya Breaking2.

Ndinalowa kuti ndimutukwane, ndinatuluka patatha ola. Filimuyo imaonetsa amuna atatu, Eliud Kipchoge wa ku Kenya, Lelisa Desisa wa ku Ethiopia ndi Zersenay Tadese wa ku Eritrea, akuyesa kumaliza marathoni, makilomita 42.195, maola awiri asanakwane. Munali mu May 2017, pabwalo la mipikisano ya magalimoto ku Monza, ku Italy. Kipchoge anamaliza pa 2:00:25. Masekondi 25 okha, nthawi yochepa kuposa imene ndimatha polowetsa ulusi pasingano masiku ano maso atayamba kufooka. Chimene chinandigwira ine si liwiro lake. Inali nkhope. Munthu akuthamanga ngati njinga yamoto, nkhope ili phee ngati akumvetsera ulaliki, ndipo ululu ukafika pachimake iye amamwetulira. Ine mapolo atatu okha nkhope inali ngati ndameza tsabola.

Sabata yotsatira mbuya anapeza ina, Kipchoge: The Last Milestone, ya mu 2021, yofotokoza za ku Vienna pa 12 October 2019, pamene munthuyo anamaliza pa 1:59:40. Nthawiyo sinalembedwe ngati rekodi chifukwa ankasinthanasinthana omutsogolera 41 ndipo kutsogolo kunali galimoto yowalitsa mzere pamsewu, koma miyendo inali yake. Mwana wanga wamkulu, amene masamu amamukonda, anandiwerengera kuti liwirolo ndi mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita, kapena masekondi 17 pa mamita 100, kubwereza ka 422 osapumira. Ndiye ndinamvanso kuti kukampu yawo ku Kaptagat mkuluyu amakolopa nawo zimbudzi pa tsiku lake, amalemba maphunziro ake onse m'kope, ndipo amadya ugali. Ugali ndi nsima, abale anga. Nsima yomweyi. Ndinabwerera pamakina ndikuganiza kuti ufa ndi umodzi, kusiyana n'kwakuti wina amauwotcha, ine ndimausunga.

Ulendo wanga woyamba ndinaukonza mwachinsinsi, ndipo chinsinsicho ndicho chinandipweteka. Ndinadzuka 4 koloko, mu June, kuzizira kwa Lusaka kuja kolowa m'mafupa. Ndinavala juzi lakuda, buluku lakuda ndi chipewa chobisa makutu kuti anthu asandizindikire. Tsopano mu George munthu wamkulu wothamanga mumdima atavala zakuda ali ndi dzina limodzi lokha. Ndisanapite patali galu anauwa, zenera linatseguka, ndipo mawu a mayi anang'amba usiku: "Kawalalaaa!" Zitseko phwa, phwa, phwa. Ndikanakhala wakuba weniweni bwenzi ndi nkhani yamaliro, chifukwa mukomboni mlandu woterewu suyembekeza apolisi. Chinandipulumutsa n'chakuti anandigwira mosavuta kwambiri. Mdala wina wazaka zoposa 60, atavala matawulo ndi mapatapata, anandipeza akungoyenda ndawala. Atandiunika ndi tochi anati, "Ah, ni ba telala! Kawalala wabwanji wothamanga monga bakha?" Anandiperekeza kunyumba gulu lonse, ena akugwira m'mimba ndi kuseka. Mayi a kunyumba anangotsegula chitseko, n'kundiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kubwerera kukagona osanena kanthu. Ukwati wazaka 17 umaphunzitsa munthu nthawi yosunga mawu kuti adzawagwiritse ntchito bwino m'tsogolo.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kubisala. Ndimasoka maovolosi a makampani, ndiye timizere tonyezimira tija timatsala tambiri m'shopu. Ndinasokerera pamalaya, pakabudula, ngakhale pachipewa. Galimoto ikandiunika ndinkawala ngati mtengo wa Khirisimasi. Wakuba savala choncho.

Maphunziro anga anali a mapolo amagetsi, pobwezera chipongwe cha tsiku la tomato. Kuthamanga polo imodzi, kuyenda ziwiri. Sabata yotsatira kuthamanga ziwiri, kuyenda ziwiri. Katatu pasabata basi, chifukwa nditayesa tsiku ndi tsiku misongolo inayamba kubaya ngati muli misomali, mpaka ndinakhala milungu iwiri ndikutsimphina. Cholakwa chachikulu cha woyamba kumene, ndinachiona pa ine ndipo ndachionanso pa aliyense amene wabwera pambuyo panga, n'kuganiza kuti kuthamanga ndi liwiro la kuthawa galu. Mtunda wautali umafuna liwiro lochititsa manyazi, loti ukhoza kucheza ndi mnzako osadula mawu. Ukalephera kunena chiganizo chathunthu, wafulumira. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo ine ndimakhulupirira kuti amene anayambitsa mwambiwu anali atayesapo makilomita 10.

Oweruza anga anali amayi a pampopi. Mu George madzi timatunga pamipopi yogawana, ndipo m'bandakucha pamakhala kale mzere wa zigubu. Njira yanga inkadutsa pomwepo, panalibe kolambalala. Mwezi woyamba ankangoti akandiona macheza zii, ndikangodutsa kuseka kuli gwede. Wina ankafuula, "Ba telala, basi yapita kudala!" Wina, "Gwililani mimba izagwa!" Ndipo inkagwedezekadi, yokha payokha, ngati ili ndi ulendo wakewake. Mwezi wachitatu kuseka kunachepa. Wachisanu ndinamva wina akuuza mnzake kuti, "Lelo bachedwa." Ndinali nditasanduka wotchi yawo.

Za nsapato ndiyenera kukhalapo pang'ono, chifukwa pamenepa ndi pamene anthu amataya ndalama ndi zikhadabo. Ndinayamba ndi nsapato zansalu zopyapyala, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinada n'kuchoka. Nsapato zimene amavala a Kipchoge, za Nike zokhala ndi kachidutswa kopepuka ka kaboni m'kati, mtengo wake ndi lendi ya miyezi ingapo ya nyumba yanga. Ife sitolo yathu ndi salaula. Pitani kumsika wa Soweto m'mawa bale ikangotsegulidwa, musavale bwino kuopa kukwezeredwa mtengo, ndipo muyese ndi manja ngati mukugula nkhuku. Pindani nsapato: izipindika kutsogolo kumene zala zimapindikira, osati pakati. Ipotozeni ngati mukufinya chovala, ikangolola msanga ndiye yatha. Yang'anani kunsi ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, chifukwa mukagula yotero mwagula ndi matenda a bondo a mwini wake woyamba. Dinani thovu lapakati ndi chala. Likakhala ndi makwinya ambiri ndipo silibwerera, isiyeni ngakhale pamwamba ikuwala. Ndipo mugule yokulirapo, chala chamanthu cha dzanja chizikwana kutsogolo, popeza phazi limatupa mukathamanga nthawi yaitali. Yanga yoyamba yeniyeni inali Asics yabuluu, zingwe zosiyana mitundu. Sindidziwa mzungu amene anaitaya, koma ngati ali moyo adziwe kuti inaona Lusaka yense.

Zina zonse ndinasoka ndekha. Kabudula wa nsalu yopepuka ya m'kati mwa majekete, wokhala ndi kathumba kakiyi ndi kena kobisika ka ndalama ya basi ngati zinthu zavuta. Malaya a thonje, ngati aja amatipatsa pa kampeni, amamwa thukuta n'kulemera ngati chiguduli chokolopera. Jezi yampira ya pasalaula imauma msanga. Ndipo pali chinthu chimene mafilimu aja sanandiuze: mtunda ukapitirira makilomita 12, malaya amakhula nsonga za mabere a mwamuna mpaka magazi. Ndinafika kunyumba tsiku lina ndili ndi madontho awiri ofiira pachifuwa ngati andilasa ndi mivi iwiri. Mankhwala ake ndi Vaseline, pamenepo ndi m'mphechepeche. Botolo la mwana wathu wamng'ono linayamba kutha modabwitsa, ndipo mlandu unagwera mlongo wake kwa milungu itatu ndisanaulule.

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pofika kumapeto kwa 2023 tinalipo asanu: ine, mlonda wina wochokera ku ntchito yausiku, mphunzitsi wamkazi wa ku Lilanda amene amatisiya tonse pachitunda, mnyamata wowotcherera zitsulo, ndi mbuya wanga, amene anabwera kuti adzandiseke pafupi n'kupezeka wakodwa. Kuthamanga pagulu kuno si nkhani ya chisangalalo chokha. Mumdima muli anyamata osokonezeka ndi mankhwala aja timawatcha majanki, ndipo foni ya munthu mmodzi wotopa ndi nyama yosavuta. Timakumana 5 koloko, kutsika ndi Commonwealth Road kudutsa Matero, kuwoloka Lumumba Road, mpaka ku National Heroes Stadium pa Great North Road. Timathamanga kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto, chifukwa woyendetsa minibasi wa m'mawa amaona okwera okha, china chilichonse kwa iye ndi mphepo. Pafupi pomwepo, kunja kwa Independence Stadium yakale, pali manda a osewera mpira athu amene anafa pangozi ya ndege kugombe la Gabon mu April 1993. Tikafika pamenepo macheza amatha okha, ngakhale mbuya amatseka pakamwa, timangomva mapazi.

Mu January 2024 kolera itavuta, bwalo la Heroes lija linasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo ife tinasintha njira n'kumanyamula madzi owiritsa kunyumba. Mvula ya Lusaka imasandutsa tinjira ta mukomboni phala. Anzathu a ku Kanyama, kumene madzi amakhala pamwamba pa mwala osalowa pansi, amatuluka m'nyumba atavala majombo, nsapato zothamangira zili m'pulasitiki, n'kukasinthira pa tala. Chaka chimenecho mvula inadukiza, chilala chinagwa, madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumapita maola ochuluka kuposa amene ankakhalapo. Makina anga amagetsi anangoti duu. Ndinatsitsa Singer yakale yopalasa ndi mapazi imene ndinaphunzirira ntchito, ndipo ndinadabwa kuti miyendo imene kale inkatopa pa buluku limodzi tsopano inkapalasa tsiku lonse. Matelala anzanga akudandaula, ine ndinkalimbitsa akatumba kwinaku ndikulipidwa.

Koma tsopano imvani mbali imene palibe filimu ya ku Ulaya ingakuuzeni. Mukomboni munthu sawonda popanda chifukwa. Chiuno chitafika 38, moni anayamba kusintha. "Muli bwanji?" uja anasanduka "Mumvela bwanji manje?", mutu utapendekeka. Mkulu wa mpingo anandikokera pambali n'kundiuza kuti masiku ano kuli mankhwala abwino, palibe chochititsa manyazi. Anali ndi mtima wabwino, ndipo zimene ananenazo n'zoona kwa amene akufunika kuzimva, moti ndinamuthokoza. Ena ankati shopu yagwa. Ena ankati ndalowa zamatsenga zofuna chuma, ndipo kuthamanga usiku ndicho chizimba chake. Ang'wang'wazi anandichotsa pa "ba bosi" n'kunditsitsira pa "mudala", ndipo mpando wakutsogolo unapita kwa ena.

Mbiri inakwera basi mpaka ku Katete. Tsiku lina ndikubwera kuntchito ndinapeza apongozi akazi afika osatumiza mawu, ali ndi thumba la ufa, nsinjiro ndi nkhuku ziwiri zamoyo. Mwa mwambo wathu sangandiyang'ane m'maso kapena kundifunsa mwachindunji, ndiye anakhala pamphasa atafulatira pang'ono, n'kumalankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ine ndimve ndili pakhomo.

"Iwe, mwana wa eni ake wamuchita chiyani? Tinakupatsa munthu wathunthu, lero watsala theka. Kodi kuphika unaiwala?"

Mayi a kunyumba, amene anasunga mawu kuyambira usiku wa kawalala uja, anayankha modekha: "Amama, afunseni okha apongozi anuwo chimene chimawathamangitsa. Ine nsima ndimaphika, amadya, kenako amakaitaya mumsewu."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana khoma, iwo akumvetsera akuyang'ana chitseko. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa mwana wawo kuti, "Ndiye akafika kumene akuthamangirako, amawapatsa chiyani?" Atamva kuti palibe, ndipo kuti pampikisano ndine ndimalipira, anapukusa mutu n'kulamula kuti nkhuku zonse ziwiri ziphedwe tsiku lomwelo. Ndinadya mosangalala. Wothamanga samakana nkhuku yachikuda. Nsima sindinaisiye konse, ndinangoitsitsa pa mitanda iwiri, ndiwo zamasamba zambiri, chibwabwa chotendera, kapenta, nyemba; chimene ndinasiya ndi mowa wa m'kati mwa sabata ndi mchere wowaza pamwamba. Kukiliniki ndimapitabe pa tsiku langa, ndipo za mapilisi amalamula ndi iwo, osati ine. Koma sisita uja tsiku lina anapima kamodzi kokha, n'kuseka, n'kuitana mnzake kuti adzaone khadi langa lakale.

Amene anandiyeretsa dzina mukomboni ndi Muzala Samukonga. Pa 7 August 2024 mnyamatayo anapata mendulo ya buronzi pa mamita 400 ku Olimpiki ya ku Paris, pa masekondi 43.74, mendulo yoyamba ya Zambia kuchokera pamene Samuel Matete anatenga ya siliva ku Atlanta mu 1996. Tinaonera m'shopu ya mbuya pa batire, anthu atadzaza mpaka pakhomo. M'mawa mwake ana onse a mu George ankathamanga, ndipo nditadutsa pampopi mwana wina anakuwa kuti, "Samukonga!" Ine, wazaka 46, wothamanga ngati ngolo ya ng'ombe! Ndinakweza dzanja ngati ndamva dzina langa. Samukonga akamaliza mpikisano amagona pansi kutheratu mphamvu, ndiye ndinauza mbuya kuti kugwa kwanga kwa pa tomato kunali kachitidwe ka akatswiri, kungoti ndinayambira kumapeto.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti miyendo idzandipatsa mzinda. Zaka zoposa 20 ndakhala mu Lusaka, koma Lusaka wanga anali George, Matero, Kamwala ndi windo la basi. Loweruka lina tinaganiza zokaona mlongo wanga ku Mtendere wapansi. Tinadutsa m'tauni kusanadzaze, Cairo Road ili mbee ngati bwalo losesedwa, n'kulowa Great East Road. Lusaka ndi wathyathyathya, zitunda zathu ndi milatho yodutsa pamwamba, koma ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mphunzitsi wathu amati tisadzione otsika, ngakhale tauni ya Iten ku Kenya ili cha pa 2,400. Tinadutsa Manda Hill, kukhotera mu Thabo Mbeki Road, kenako Alick Nkhata Road, msewu wa dzina la woimba ndi muulutsi uja anaphedwa mu 1978. Kumeneko tinakumana ndi othamanga a mtundu wina, a mawotchi olankhula ndi setilaiti ndi timabotolo m'chiuno. Tinapatsana moni wa mutu. Thukuta linali lofanana, ndipo mayi wina wa nsapato zodula anandifunsa kumene ndinagula kabudula wanga. Ndinamupatsa mtengo ndili pa liwiro. Pa Kalingalinga akalipentala ndi owotcherera anali akutulutsa kumene mabedi ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu. Titafika ku Mtendere foni inati makilomita apitirira 15. Mlongo wanga anatsegula chitseko n'kufunsa kuti galimoto taimika kuti. Nditamuuza, anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kuitana aneba mmodzimmodzi kuti adzatione.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndi komboni ina. Chawama tinafikako kudzera Kafue Road. Ndikudziwa tsopano pamene amakazinga zitumbuwa zoyamba mumzinda uno, pamene pali agalu aulemu ndi pamene pali achipongwe, ndiponso kantemba kamene kamatsegula msanga koti n'kugulapo maheu.

Mpikisano wanga woyamba unali wa theka la marathoni, makilomita 21.1, womwe unachitikira mumzinda momwemu. Kale ndinkangomva za Inter Company Relay n'kumaganiza kuti zothamanga ndi za anthu a m'maofesi ovala malaya a kampani. Tsikulo ndinaima pamzere ndi nambala pachifuwa, nditaimanga ndi mapini a m'shopu mwanga. Usiku wake tinali titaonera Endurance, filimu ya mu 1999 ya Haile Gebrselassie, amene ali mwana ankathamanga makilomita 10 kupita kusukulu atapanira mabuku, mpaka mkono wake wamanzere unazolowera kupindika choncho. Mfuti italira anyamata anauyatsa ngati kwagwa moto, mbuya nawo limodzi. Ine ndinagwira kaliwiro kanga ka pampopi. Pa kilomita 14 ndinayamba kuwatola mmodzimmodzi, ena akuyenda atagwira m'chiuno, ena atakhala m'ngalande. Pa 17 ndinaona msana umene ndimaudziwa. Ndinafika pambali pake mwakachetechete, n'kumufunsa mwachifundo chonse kuti, "Mbuya, kodi anyani kwanu mumawagwira bwanji ndi liwiro limeneli?" Anafuna kuyankha koma mpweya unamukana. Zaka zonse zimene ndamudziwa, aka kanali koyamba Mbemba ameneyu kusowa mawu, ndipo ndikanakhoza kuima pomwepo n'kubwerera kunyumba wokhutira.

Ndinamaliza pa maola 2 ndi mphindi 21. Kipchoge akanatha kupita n'kubwerera, n'kusamba, n'kumwa tiyi. Koma mendulo anandiveka, ndipo nditafika nayo mu George madzulo, amayi a pampopi anasiya zigubu zikusefukira n'kuimba nthungululu. Yemwe uja ankati ndigwirire mimba anabwera kudzaigwira mendulo, n'kuiluma kuti aone ngati ndi yeniyeni.

Tepi lero ikunena 34. Mabuluku anga onse ndawabweza, ndipo ntchito yobweza ndi yokoma kuposa yofutukula, chifukwa nsalu imatsala. Laukwati lija ndinachotsa chigamba, likundikwana, jekete ndimavula ngakhale mu July kuti anthu aone. Limodzi la 44 ndinalisiya dala, lili pakhoma m'shopu, ndipo ana anga awiri aang'ono amalowamo onse, wina mwendo uwu wina uwo. Pashelefu pali chitini cha Cowbell chimene ndikuponyamo makobidi a Comrades, mpikisano wa ku South Africa wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, umene unayamba mu 1921 ndipo amatseka chipata pakatha maola 12. Mayi a kunyumba amati chitinicho n'cha malata a nyumba ya ku Katete. Nkhaniyi ikadali kukhoti.

Mwezi watha kasitomala wina, mayi wachikulire, anaiwala chikwama cha ndalama patebulo langa. Ndinatuluka ndikumuona akukwera basi pamalo omwe aja. Basi inanyamuka, ndipo iyi sinkakwawa. Ndinali ndi tepi m'khosi, mapini pakolala, mapatapata kumapazi. Polo yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa yachinayi mayi wa tomato anandiona, n'kutambasula manja kutchinga katundu wake. Ndinamudutsa ngati mphepo ya mu August. Pa yachisanu ndi chiwiri ndinali pambali pa windo, ndikupereka chikwama, ndipo mpweya unatsalako woti n'kuwauza mayiwo kuti siketi yawo adzatenge Lachinayi. Kondakitala anatsegula chitseko basi ikuyenda.

"Mudala, kwelani!"

"Pitani," ndinatero. "Muzanipeza ku Lilanda."